Ndine Wachinayi Kukafunsa

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tilipo, kungoti ntchito yatifika pakhosi.

Mu ofesi yathu yoona za ana tinalimo anthu asanu, lero tatsala awiri. Mayi wokhala pawindo uja anachoka Lachisanu. Anangosiya makiyi patebulo, ndipo mafayilo ake onse abwana andiunjikira ine.

M'mafayilomo muli nkhani ya kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kamene bambo womupeza anakachita zoipa. Wantchito aliyense watsopano amakauza kuti kafotokoze kuyambira pachiyambi, ndipo ine ndine wachinayi. Dzulo nditakapatsa mpando, sikanafotokoze kanthu. Kanangoyang'anitsitsa chikwama changa n'kufunsa kuti, "Anti, nanga inuyo muchoka liti?"

Ndinaseka, Azakhali. Ndinati sindipita kulikonse.

Msuweni wanga mumuthokoze chifukwa cha ntchito ya kusitolo imene wandipezera kumeneko. Kalata yondiitana inafika, ndipo dzulolo inali m'chikwama chomwecho. Chipinda chija mwandisungira musachipereke kwa wina.

Kamtsikanako kauzidwa kuti kabwerenso mwezi wamawa. Mpando wanga kakuudziwa, koma kadzapezapo wachisanu.

Ndine,
Mwana wa achimwene anu