Mwana wanga wandilanda malo mutimu

Aphungu,

Musandiseke, ndadziseka kale ndekha. Ndine bambo wa zaka makumi asanu ndi kanthu, ndipo chiyambire ndili ndi tsitsi ndimasewera kiriketi, masewero omenya mpira ndi thabwa, mutimu yachitatu ya kalabu yathu, ya ife a mimba ndi maondo olira. Ndine ndinavuta pamisonkhano kuti kalabu iyambe kuphunzitsa atsikana. Ndinkachita kumenya tebulo! Mwana wanga Bryony ndinamuphunzitsa ndekha kuseri kwa nyumba, mpaka tinaswa zenera la aneba.

Tsono Lachiwiri tikukonzekera masewero, anthu ali tcheru, Bryony anandiponyera mpira. Ine thabwa kumenya mphepo, timitengo titatu timene ndimayenera kuteteza balala! Kachiwiri, chimodzimodzi. Ndinanamizira dzuwa, kunja kuli mitambo yokhayokha.

Titaweruka, a Desmond, kaputeni wathu, anandikokera pambali. Amvekere, "Mdala, Loweruka kwatsala malo amodzi. Asewera munthu wa kunyumba kwanu, koma si inu." Kwathu kuno wosiyidwa amakathandiza kukonza tiyi wa pakati pa masewero. Ine, Aphungu, kupaka batala pabuledi!

Kunyumba ndinati ndakondwa, koma chakudya ndinangochisiya m'mbale. Mayi ake a Bryony akuti, "Bambo a Bryony, mwafedwa kodi? Tiuzeni tikagule nkhata."

Chondiwawa nachi. Dzulo mwanayu, wa zaka khumi ndi zinayi, anandiuza kuti, "Adadi, ndiwauza a Desmond kuti phewa likundipweteka. Sewerani inuyo. Ine zaka zilipo zambiri, koma inu..." Sanamalize. Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinangoti, "Tiona." Manyazi andigwira, komabe mtima wina ukufunadi kusewera. Nditani?

H.T., Keighley

A H.T.,

Ndaseka pang'ono, pepani. Koma "tiona" wanuyo sakundiseketsa. Mwana akufuna kunama matenda kuti asunge ulemu wa bambo ake. Mukalola kamodzi, aphunzira kuti mtsikana akaposa mwamuna ayenera kupepesa, ndipo ndaona atsikana aluso akusiya masewero pamsinkhu womwewu.

Lero lomwe, musadikire Lachisanu, muuzeni kuti phewa lake lili bwinobwino ndipo asewera. Muuzeninso zoona: zinakuwawani, dzuwa kunalibe, anakuposani basi. Akufuna kuzimva kuchokera pakamwa panu. Kenako imbirani a Desmond, awakonze madoda anzanuwo kuti amulandire mwanayo ngati wosewera mnzawo, osati mlendo. Inuyo pemphani malo pamasewero ocheza a Lamulungu, kumene mimba sifunsidwa.

Loweruka valani epuloni, dulani masangweji mowongoka. Ukaipa dziwa nyimbo, bambo! Ndipo nyimbo yanu ilipo kale: tiatsikana ta kalabuyo tikufuna mphunzitsi, ndipo amene anakugwetserani timitengo ndi umboni woti ntchitoyo mumaitha.

Koma chenjerani. Akamaponya mpira, musamakuwe malangizo muli kunja kwa chingwe cha malire a bwalo. Zikakamuvuta tsikulo, poti zimachitika, musayerekeze kunena m'galimoto kuti "ine ndikanatere." Adzangolowetsa thabwa lake pansi pa bedi, ndipo inu mudzasewera Loweruka lililonse mpaka kukhuta, iye ali kunyumba.