Christina Akudikira Atsibweni Ake

Lolemba, 14 Okotobala

Wayilesi ya kwa a Nasoro imalira kuseri kwa mpanda pamene timasambitsa Christina. Ndinamva dzina la mlongo wanga: Kingsford, mkulu wa chigawo cha Kummwera, tsopano ndi nduna ya boma. Mayi wina panja anayamba nthungululu, kenaka anakumbukira kuti ali pamaliro.

Mwana wanga watisiya mmawa uno. Malungo. Akanalemba mayeso chaka chino.

Uthenga tatumiza ku Zomba. K. ndiye mwinimbumba, ndipo adzukulu akuti khasu silingalase pansi iye asanaloze malo a manda.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Galimoto ya K. yabwera kuno ku Nancholi, mwiniwake mulibe. Alidi, dalaivala wake, watsitsa ufa ndi shuga, nanjuta patali, chipewa m'manja.

"Mayi, bwana akuti musaike. Mawa akalumbira kaye kwa Bwanamkubwa, kenaka abwera ndi anzawo."

"Anzawo ati?"

"Nduna zinzawo, mayi. Ndi wojambula."

Dzuwa likuswa mtengo. Tayala mchenga wonyowa pansi pa mphasa ya Christina.

Lachitatu, 16 Okotobala

Sanabwere.

Azimayi atuluka m'siwa, akuimbira pakhonde. Sindikuwada. Ndatsala ndekha kuingitsa ntchentche.

Ndine ndinamugwira dzanja K. polemba dzina lake koyamba. Ali kalaliki wa njanji ku Limbe, malaya ndinkamuchapira ine. Azungu atamutsekera, ndinkanyamula chakudya mpaka pachipata cha ndende. Atampatsa chigawo anayamba chizolowezi choimika anthu padzuwa kuyambira mmawa, iye n'kufika madzulo. Ana asukulu ankakomoka pamzere, Christina ali pomwepo akuimba. Ine n'kumati, "Musamunene, ntchito yamuchulukira." Pakamwa panga pomwepa!

Ndauza a Hilary kuti achitepo kanthu, mwanayu ndi wawonso. Ayang'ana pansi. "Ursula, ine ndine mkamwini. Ndikalankhula ati ndalanda maliro."

Mabuku onse ndawerenga aja, palibe linandiuza kuti mayi angafike poopa kupuma pafupi ndi mwana wake.

Lachinayi, 17 Okotobala

Alidi wabweranso. Akuti Loweruka, pakuti mawa kuli phwando lolandira nduna zatsopano. Ponena zimenezi misozi inali kumugwa, mwana wa eni ake.

Ndinatenga khasu kuseri kwa khitchini n'kulunjika kumanda, anthu akunditsata. A Wilkins, mkulu wa adzukulu, ananditchingira njira.

"Mayi, mutipalamulitsa. Munthu wamkazi salasa manda. Komanso bwanawo lero ndi boma."

"Pobereka mwanayu ndinadikira boma?"

"Nanga akatifunsa tikati chiyani?"

"Mukati wamisala uja ndiye anayamba."

Ndinalasa pafupi ndi manda a amayi. Nthaka youma gwa, khasu linangodumpha. Ndinalasanso. A Hilary anavula jekete nandilanda khasulo n'kuyamba kukumba. A Wilkins anapukusa mutu, kenaka anaitana anyamata awo.

Tamuika dzuwa litapendeka.

Lachisanu, 18 Okotobala

Ndagona tsiku lonse. Manja atuluka matuza.

Loweruka, 19 Okotobala

Wafika. Magalimoto atatu, kambendera patsogolo, nkhata ya maluwa yaikulu ngati gudumu la ngolo. Anapeza bwalo losesa, anthu atabalalika.

"Achemwali, mwandichititsa manyazi pamaso pa boma lonse."

"Khalani pansi, achimwene, ndikuuzeni momwe anafera."

Milomo yake inanjenjemera monga inkachitira ali mwana, akafuna kulira. Ndinatsala pang'ono kudzuka kuti ndimugwire. Pomwepo wojambula anafunsa ngati atsitse makina. K. anakonza tayi.

"Mbumba yosamva ine ndilibe nayo ntchito," anatero mokweza, kuti anzake amve.

"Pitani bwino, a nduna."

Sanakhale pamphasa, kumanda sanafunseko. Nkhata anabwerera nayo.

Mwinimbumba ndilibenso. M'nyumba muno tatsala awiri, ine ndi a Hilary.