Dzino la Tumpale

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno tilipo. Ndikulemba m'Chichewa poti ndicho anatiphunzitsa kulemba kusukulu. Ngati chikukuvutanibe monga kale, abambo, amene muli nawo kumeneko, akuwerengereni.

Mpunga wa m'munda mwanu ku Lupembe tinakolola mu Juni, matumba asanu ndi limodzi, ngakhale madzi anadya mbali ya kumunsi. Ng'ombe yanu yoyera pamphumi inabereka yaikazi. Denga la khitchini linagwa ndipo sindinalikonzebe. Munkati nyumba imadziwa mwini wake akachoka. Munkanena zoona.

Ine ndikadali kuchipinda cha mano kuchipatala. Ntchito ndi yomwe ija: kuwiritsa zozulira pa sitovu ya parafini, kudula thonje, kugawa manambala kwa odikira pabenchi, ndi kugwira mutu wa wodwala adokotala akamazula. Timazula Lolemba ndi Lachinayi basi. Mpando munakhalapo uja ulipobe. M'mawa ndikaupukuta n'kuukweza, ndikangotembenuka umatsika wokha pang'onopang'ono, ngati wakhalapo munthu wopepuka. Adokotala amati mafuta ake akudontha. Mwina. Koma fungo la fodya munkaika padzino uja, iwo salimva.

Sindiiwala momwe munafikira, khosi litatupa mpaka pachifuwa, nsagwada zitamangana, ngakhale supuni yosalowa. Adokotala anangobweza zozulira m'mbale. Loweruka lake munatisiya.

Chimene ndalembera ndi Tumpale, mwana wanu wotsiriza. Ndi woyembekezera, miyezi isanu, mimba yoyamba. Koma dzino la kumapeto, lam'munsi, lamutupitsa tsaya, mbali yomwe ija yanu. Akungomwa phala lamadzimadzi. Lamulungu ndinapita pa njinga kukamutenga, anakana. Anati, "Adumbu, achimwene anga, munalipo amama akunena kuti woyembekezera sazula dzino, likatuluka mwana amalitsatira. Kodi auka kuti asinthe mawu?" Alamu, amuna ake, anangoyang'ana pansi. Nditaumirira, anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa nati, "Kuwiritsa mapulayala kwakusandutsani dokotala eti?"

Ndinawafotokozera adokotala. Ndi bambo a ku Ntcheu, salankhula zambiri. Anati, "Lusekelo, mwana sakhala m'nsagwada. Miyezi imeneyi ndiyo yabwino kuzula. Koma mafinya akatsikira kukhosi, tiika awiri m'bokosi limodzi." Anatinso jakisoni wa dzanzi watsala wa Lachinayi lokha, wina sitikudziwa kuti adzafika liti. Nambala yoyamba ndamusungira m'thumba la malaya. Makhadi a chipani ndagula awiri, poti anyamata a pachipata amawerengera ndi wa m'mimba yemwe.

Amayi, sindikukutsutsani. Mawuwo nanu munachita kulandira, ndipo munatibereka asanu osataya ndi mmodzi yemwe. Koma mukanakhalapo, ndikanakhala nanu pakhonde n'kukuuzani za amayi oyembekezera amene ndawagwira mutu, amene pambuyo pake abwera ndi makanda kumsana kudzatipatsa moni. Munthu akalankhula nanu mofatsa munkamva. Munkati khutu silikalamba. Tsopano mawu anu atsala okha, khutu lija linapita nanu. Tumpale akuwagwiritsitsa chifukwa pa za uchembere ndi okhawo amene munapeza nthawi yomuuza.

Ndadikira kuti mwina mubwera kutulo kwa iye n'kumumasula. Akuti simunafike. Kwa ine mumabwera, koma mumangoima pakhomo, dzanja patsaya, osatsegula pakamwa.

Choncho ndikuuzeni poyera chimene ndichite, musadzamve kwa ena. Mawa Lachitatu ndipempha kuweruka masana, ndipalasa kupita ku Lupembe, ndikamuuza kuti munabwera kutulo kwanga n'kunena m'chilankhulo chathu kuti apite: "Luta, mwana wane, ukazule." Akhulupirira, poti chibadwire sindinamunamizepo. Agona kuno kwanga, Lachinayi alowa woyamba.

Ngati mawuwa ndi omwe mwakhala mukulephera kutulutsa, ndiye kuti ndangokuyankhulirani. Ngati si anu ndipo akukwiyitsani, chonde musapite kwa Tumpale, musakhudzenso mwana ali m'mimbayo. Iwo sadziwa kanthu. Wonama ndine. Mlanduwo mubwere nawo kwa ine, sindithawa.

Mutu wake ndiugwira ndekha, ndipo ndikulonjeza kuti sindiusiya mpaka magazi atasiya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusekelo