Tiasilikali ta a Dalaivala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uli bwanji? Mundiuze zoona, chifukwa pa foni iwo amangoti ali bwino pamene ine ndikumva akubuula pokhala pansi. Kuno ndilipo, chifuwa chija chinaleka. Ntchito ikupezeka, mwezi uno tikupenta mageti ndi mawindo a sukulu ina.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani ndili nayoyi ikukana kutuluka pakamwa.

Mukuwakumbukira bambo achikulire aja okhala m'chipinda cha pansi pa changa, amene aliyense amangowatchula a Dalaivala poti anayendetsa basi mpaka kupuma? Ndi omwe aja ananditengera kuchipatala nthawi ya chifuwa. M'nyumba yonse ino, chitseko chawo ndi chokhacho chimene ndimagogoda popanda mantha.

Bambowa ali ndi masewera awo. Musaseke. Amasunga tiasilikali ta pulasitiki, kalikonse kosaposa chala chaching'ono, ndipo Loweruka masana amakumana ndi anzawo kuseri kwa sitolo ina n'kuyala nkhondo patebulo, ndi madayisi, timiyala ta madontho toponya tija, ndi tepi yoyezera. Ndi madoda a imvi, koma amakangana ngati ana pa mpira. Tiasilikaliti timagulidwa tosapenta, titalumikizidwa ku kafelemu ka pulasitiki. Mwini wake amadula, kumata, n'kupenta yekha mpaka mabatani a malaya.

Tsono manja awo ayamba kunjenjemera. Mwana wawo wamkazi anawatumizira mabokosi awiri atsopano, ndipo anandipempha kuti ndiwapakire pulayima pa ta m'bokosi loyamba, penti woyamba uja wothandiza kuti mitundu igwire. Anandipatsa kabotolo kawo ka pulayima n'kuyamba kufotokoza kapakidwe kake. Ine ndinawadula pakamwa. Ndinawauza kuti asavutike, penti ndinabadwa naye.

Nditafika m'chipinda mwanga ndinapeza kuti pulayima wawoyo ndi wamadzimadzi, wosanunkha n'komwe. Ndinamunyoza. Mumtima ndinati awa anawanamiza, uyu sangagwire. Ndinkafuna kuwachitira chinthu cholimba, choti ndi adzukulu omwe adzachipeze. Ndinatenga pulayima wanga wofiira wa zitsulo, ndinathiramo thina wamphamvu uja timatsukira makina opopera, ndipo poona kuchepa kwa tinthuto ndinativiika kamodzikamodzi monga timachitira ndi mabawuti a geti. Ndinatiyala m'mizere pa katoni, pawindo, n'kupita kuntchito mtima uli m'malo.

Pobwera ndinangoti kakasi. Nkhope zonse zinali zitasungunuka, popanda maso, popanda mphuno. Mfuti zinapindika ngati mawaya. Mtsogoleri wawo wokwera hatchi anali atagwada pamodzi ndi hatchi yake. Ndikakhudza, chala chimamatirira n'kusiya chidindo. Ndinayesa kupukuta kamodzi, mutu unatsalira m'nsanza.

Safunsa anadya phula, achimwene. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti lamulo ndimalidziwa. Malemu bambo sankaika burashi pa chikwangwani cha munthu asanayese penti pa kachibenthu, ndipo inu ndinu mboni kuti anandikoka khutu kangapo pa nkhani yomweyi. Kafelemu kotsala kanali m'bokosi momwemo. Sindinaganize n'komwe zoyesapo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuzemba. Masitepe amadutsa pa chitseko chawo, ndiye ndinkavula nsapato n'kumayenda monyang'ama, ine munthu wa imvi, nsapato zili m'manja.

Ndinapita ku sitolo kumene amagulitsa zinthuzi kukafuna bokosi lofanana nalo. Mayi wogulitsa anati mtundu umenewo unatha ndipo sakudziwa ngati udzabweranso. Ndinamuonetsa kamsilikali kamodzi, n'kunena kuti anaononga ndi mnzanga wina. Anayang'ana kamsilikaliko, anayang'ana penti wofiira m'zikhadabo zanga, kenako anati mnzangayo ndikamuuze bwinobwino zotsatirazi.

Anati thina amadya pulasitiki wa mtundu umenewu, choncho pulayima woyenera ndi wosungunula ndi madzi, wonga uja ndinanyoza, kapena wopopera amene pachitini palembedwa kuti ndi wa pulasitiki. Anati tiasilikali tiziyamba tatsukidwa ndi sopo kuti mafuta a kufakitale achoke, n'kuuma. Kupaka kwake n'kopyapyala kwambiri, koti diso ndi lamba zizionekabe. Ife pa geti timanyadira kukhuthala, kuno kukhuthala ndiko kuononga. Za mtundu anati wakuda umabisa malo amene burashi yalephera kufika koma umazimitsa mitundu yowala, woyera umawalitsa koma umaulula cholakwa chilichonse, ndipo wotuwa uli pakati. Ndinam'pempha kuti abwereze, anabwereza osatopa. Potuluka anati mnzangayo ndikamupatse moni.

Ndinatenga timabotolo ta mitundu yonse itatu. Ndayesa pa kafelemu kaja, pa masipuni a pulasitiki, pa zitsekerero za mabotolo, ndikukanda ndi chikhadabo m'mawa uliwonse. Pawindo panga padzaza masipuni ngati ndikuyembekezera alendo. Onse agwira bwino, palibe chasungunuka. Komabe kukagogoda kwa a Dalaivala ndinkalephera.

Lachisanu a Dalaivala anakwera okha, ngakhale mawondo amawavuta. Nditatsegula anali akupuma movutikira, atagwira khoma. Ndinalibe pobisala. Ndinawakhazika pampando n'kuwabweretsera katoni ija.

Anayang'ana mizere yonse. Ananyamula wa pa hatchi uja, kumutembenuza uku ndi uku. Kenako anati, "Nkhondo isanayambe, wandithera kale anthu."

Ndinapepesa. Ndinafotokoza zonse, za thina, za kuviika, za kabotolo kawo kamene sindinagwiritse ntchito. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo kukalipako kukanandipepukira. Iwo anangoti tiasilikali tawawawa ndithu, poti ndi mphatso ya mwana, koma china chawawawa koposa.

"Masitepe aja amalira ngakhale uvule nsapato. Ndinkakumva tsiku lililonse."

Achimwene, ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Anaona okha masipuni pawindo n'kufunsa kuti ndi chiyani. Nditawafotokozera anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo. Ndinawafunsa kuti pa mitundu itatuyi akufuna uti. Anati wotuwa, chifukwa malaya a gulu lawo ndi abuluu ndipo maso awo saonanso bwino pa chinthu chakuda. Anawonjeza kuti ndikanafunsa choncho poyamba paja, bwenzi gulu lawo lili moyo.

Dzulo ndinatsikira kwawo. Anakana kuti bokosi lachiwiri lipite m'chipinda mwanga, akuti ntchito ichitikire patebulo pawo iwo ali pambali. Anatulutsa kamsilikali kamodzi kokha. Ndinakatsuka, ndinakaumitsa, ndinakapaka mopyapyala iwo akundiuza pamene ndadutsitsa. Totsalato anatsekera m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba ine ndikuona. Sindikuwaimba mlandu. Akuti kameneka kaume kaye, akakanda ndi chikhadabo chawo n'kukhutira, adzandiitana.

Pempho langa ndi limodzi. Mwana wawo abwera mwezi wamawa ndipo akufuna kudzaona gulu litaima patebulo. Ndalonjeza kuti akandilola ndidzawathandiza ndi mitundu yomwe, koma maburashi anga ndi a makoma ndi mageti. M'kabati ya amayi, pansi, muli chitini chija cha maburashi ang'onoang'ono amene bambo ankalembera zikwangwani. Mundisankhire awiri oonda kwambiri, muwakulunge m'pepala kuti ubweya usapindike, munditumizire msanga. Kuno m'sitolo aliponso, koma dzanja langa linaphunzirira pa amenewo, ndipo masiku ano sindikulikhulupirira.

Amayi akafunsa, muwauze kuti ndikufuna kulemba chikwangwani. Alamu musawawerengere kalatayi, mukudziwa kuti adzanditcha wosungunula asilikali mpaka ndidzalowe m'manda.

Moni kwa amayi, kwa alamu, kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Mundikumbukire m'mapemphero kuti a Dalaivala akakanda, pulayima asachoke.

Ndatha ine mng'ono wanu,
Wapenti