Kusoka Kabichi ku Glasgow

Glasgow, Malichi 1979

Okondedwa azakhali ku Kaomba,

Ine ndili bwino, kaya inu ndi fodya wanuyo? Sekani nane! Lamulungu lapitali ndinauza amayi a mpingo wakuno za atsikana akwathu amene amasiya sukulu nyengo yosoka masamba a fodya. Sanamvetse, ndiye ndinatenga singano n'kuwasokera masamba a kabichi. Anaseka mpaka misozi, koma pomaliza analonjeza kuphunzitsa atsikana anayi ku Nkhamenya. Ndinavina m'tchalitchi momwemo, azakhali!

Woyamba ndi mwana wanu Lefina. Za bambo a galimoto aja ofuna kumukwatira, amene amamudikira kuchigafa cha fodya, sindilemba, poti kalata imadutsa m'manja ambiri. Mungowauza mwaulemu kuti mwanayo akupita kusukulu. Singano yakeyo mundisungire ine, poti kuno kabichi ndi wambiri.

Ndine mwana wanu,
Sellina