Pampu ya Nsomba za Malemu Vinod

Lolemba, 3 Juni

Pampu yafa. Ija yokweza madzi a mchere kuchoka m'thanki ya m'kabati kupita m'thanki ya pamwamba, momwe muli nsomba. Zaka naini ndikuzidyetsa, koma za pampu ankadziwa ndi malemu bwana Vinod okha. Akazi awo, mayi Jasuben, angoti, "A Lexon, inu mukudziwa." Ndavomera.

Sindikudziwa.

Lachiwiri, 4 Juni

Ku Old Town, sitolo ya mapaipi. Wogulitsa ndi Rukaiya, msinkhu wa mwana wanga. "Malita angati pa ola, bambo? Nanga madziwo akwera mamita angati?" Anandilozera pakatoni, mizere yokhotakhota, Chingerezi chokhachokha. Kumbuyo kwanga mapulambala awiri akudikira. Ndinagwedeza mutu ngati ndawerenga. Ndinati andipatse yaikulu kwambiriyo.

Mmodzi anaseka. "Madala akukathirira dimba."

Lachitatu, 5 Juni

Ndalumikiza. Madzi ngati mtsinje wa Lingadzi m'Januwale. Mchenga wonse m'mwamba, paipi yotsitsa madzi ikuchepa, thanki yasefukira pakapeti. Ndapukuta mayi ali m'tulo masana. Afunsa za phokoso, ndati yatsopano imatero.

Lachinayi, 6 Juni

Kansomba kachikasu kafa, kaja bwana ankakadyetsa pamanja. Ndakakwirira patsinde pa mpapaya. Mayi anakhala pampando wawo n'kumawerenga ndi chala. Ndinati kabisala m'miyala.

Tiyi wandikanika.

Lachisanu, 7 Juni

Ndayeza ndekha. Ndowa ya malita 20 pansi pa paipi yotsitsa, wotchi m'manja, katatu kuti ndisaphonye. Chingwe kuchokera m'kabati mpaka pamlomo wa thanki, ndamanga mfundo.

Kwa Rukaiya ndinadikira anthu achoke. Ndinaika chingwe ndi kapepala ka zomwe ndinayeza pakauntala. "Mwanawe, zolembedwa pakatonizi sinditha kuwerenga. Ndinalekezera Sitandade 6." Sanaseke. Anayeza chingwe ndi tepi, mita ndi theka, n'kutsata mzere ndi chikhadabo. Akuti nambala ya pakatoni imatsika madzi akamakwera, komanso pampu isapose zomwe paipi yotsitsa ingameze. Yoyenera ndi kakang'ono, kokwana m'dzanja.

Loweruka, 8 Juni

Ndalumikiza kapampu kaja. Madzi akuyenda mofatsa. Nsomba zatuluka m'miyala.

Mayi anathira chakudya pakona, n'kumagogoda galasi, kudikira kachikasu. Ndinaima ndi mopu mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako ndinanena zonse, kuyambira Lolemba.

Mayi maso ali pathanki.

"Mwakaika pati?"

"Pa mpapaya, mayi."

"Nditengereni masilipasi."