Amayi Akukana Dzuwa

Thyolo,
14 Ogasiti 1957

Achimwene a Stafford,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halale kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, chiperoni chokha ndicho chatizunza chaka chino.

Nkhani ndi ya amayi. Fupa la m'chiuno lomwe linathyoka atagwa potunga madzi lija linalumikizana, koma mpaka lero sakuyenda. Mlongo wathu Anesi akawaimiritsa, miyendo imanjenjemera, ndipo amadandaula msana ndi nthiti ngakhale ali chigonere.

Sabata yatha tinawanyamula pa machira kupita kuchipatala cha mishoni. Dokotala atawasindikiza pamsongolo, amayi anakuwa. Dokotalayo anafunsa kuti amaothera dzuwa nthawi yanji. Anesi anayankha monyadira kuti chibwerereni kuchipatala atathyoka paja sanatulukepo m'nyumba. Dokotalayo anati vuto ndi lomwelo: mafupa afewa posowa chimene amati vitamini D, chomwe thupi limapanga lokha khungu likamva dzuwa. Anatipatsa botolo la mafuta a nsomba, nati azikhala padzuwa m'mawa uliwonse ndi kuyesa kuyenda ndi ndodo, apo ayi sadzadzukanso pamphasa.

Mafutawo akumwa, ngakhale amatukwana nsomba yake. Dzuwa ndiye akaniratu.

Mukumbukira tsiku lomwe munawalowetsa m'nyumba yamalata ija? Munanena pamaso pa anthu kuti mayi anu apsa mokwanira m'munda wa tiyi, sadzakhalanso padzuwa ngati waganyu. Kwa inu anali mawu a paphwando. Kwa iwo ndi lamulo. Tsopano anzawo omwe ankathyola nawo tiyi akabwera kudzazonda amawayamikira kuti ayera ngati dona wa bwana, ndipo amayi amatambasula manja kuti alendowo aone bwino.

Ndinayesa kuwafotokozera. Anandiyankha kuti mwana wawo wanzeru ali ku Halale, ine ndimangodziwa kuwerengera azungu madengu. Anafunsanso kuti ngati dzuwa ndi mankhwala, nanga dona amayenderanji ndi ambulera.

Pempho langa ndi ili. Alembereni iwo eni, ndidzawawerengera. Za mafupa musatchule, adzadziwa kuti ndakutumani ndine. Atumizireni nsalu yowala, muwauze kuti mukufuna azivala, azikhala pampando pabwalo m'mawa anthu akamapita kukathyola tiyi, kuti aliyense aone m'mene mwana wawo amawavekera. Mulembe kuti pabwalo penipeni, osati patsinde pa mtengo. Amayi sangatuluke kuti achire, koma kuti anthu awaone atuluka. Mpandowo ine ndiziusunthira patali pang'ono tsiku ndi tsiku, aziulondola ndi ndodo.

Musachedwe, mvula ikayamba dzuwa lisowa.

Mulungu akusungeni kuntchitoko. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Anesi nayenso akupereka moni.

Ine mng'ono wanu,
Bizwick